Tsamba Lokutira Cigar ndi Funso la Kumene Kukoma Kumakhala

Cigar ndi fodya wopichiridwa m'tsamba la fodya lomwe, kusiyana ndi ndudu wamba imene imakulungidwa m'pepala. Cigar yopichira pamanja imakhala ndi zigawo zitatu. M'kati mwenimweni mumakhala masamba angapo opindidwa m'litali, amene ku Cuba amawatcha tripa. Masambawa amamangidwa pamodzi ndi tsamba lolimbirako lotchedwa capote. Pamwamba pa zonsezi pamabwera capa, tsamba lokutira, lopyapyala ndi losalala, ndipo ndi lokhali limene wogula amaliona. Pa kulemera kwa cigar yonse, tsamba lokutira ndi kachigawo kochepa, koma pa msika wa fodya ndilo lodula kuposa masamba ena onse.

Opanga ndi osuta sagwirizana za mphamvu ya tsambali pa kakomedwe. Ena amati limapereka theka la kukoma kapena kupitirira apo, pamene ena amati ndi chovala chabe chokopera maso. Mkanganowu umaoneka ngati wa amalonda okhaokha, koma pansi pake pali mafunso atatu amene afilosofi akhala akulimbana nawo kuyambira kalekale. Kodi chimene chili kunja kwa chinthu ndi mbali ya chinthucho, kapena ndi chophimba chabe? Kodi gawo limodzi la chinthu chophatikiza lingapatsidwe mlingo wakewake wa zimene chinthu chonsecho chimachita? Nanga kukoma kumakhala m'tsamba kapena mwa wolawa? Mafunsowa amayankhika bwino munthu akadziwa kaye mmene tsambalo limapezekera.

Kuchokera kumunda kufika pa thabwa la wopichira

Ku Cuba, masamba okutira otchuka amalimidwa ku Vuelta Abajo, m'chigawo cha Pinar del Río, makamaka kozungulira San Juan y Martínez ndi San Luis. Fodya wake amakulira pansi pa nsalu yopyapyala yoyalidwa pa mitengo ndi mawaya munda wonse, ulimi umene amautcha tapado. Nsaluyo imachepetsa ukali wa dzuwa ndipo imasunga chinyezi, choncho tsamba limakula lalikulu, lopyapyala, lotanuka ndi la mitsempha ing'onoing'ono. Fodya wa m'kati amalimidwa padzuwa, ndipo amasankhidwa malinga ndi malo ake pa mtengo. Masamba am'munsi, otchedwa volado, amayaka bwino koma alibe fungo lambiri. Apakati, otchedwa seco, ndiwo a fungo. Apamwamba, otchedwa ligero, ndi ochindikala, oyaka mochedwa ndiponso a nikotini wambiri, ndipo mphamvu ya cigar imachokera kwa iwo.

Masamba amathyoledwa pang'onopang'ono kuyambira pansi, kusokedwa awiriawiri ndi kupachikidwa pa timitengo m'nyumba zoumitsira. Mlimi wa fodya wa bale ku Kasungu kapena ku Mchinji angaizindikire ntchitoyi, pakuti ikufanana ndi kusoka ndi kuyanika fodya m'chigafa, momwe mphepo ndi mthunzi ndizo zimaumitsa. M'milungu ya kuumako, kubiriwira kumatha, tsamba limachita chikasu kenako kufiirira, ndipo sitachi wake amasanduka shuga. Akauma, masamba amavundikidwa. Amawaunjika m'milu, ndipo chinyezi ndi kulemera kwake zimadzetsa kutentha m'katimo, amoniya amatuluka, ukali umachepa. Mulu ukatentha mopitirira, amauphwasula n'kuuunjikanso, masamba a m'mbali kulowa pakati.

Wopichira, amene amatchedwa torcedor, amalandira tsamba lokutira litanyowetsedwa ndiponso litachotsedwa mtsempha waukulu wapakati, kotero kuti limakhala mabandu awiri. Amayala bandu limodzi pa thabwa, mbali ya mitsempha yotukuka itayang'ana kumwamba kuti idzabisike m'kati, ndipo amalisalaza ndi zala. Ndi kampeni kathyathyathya kopanda chogwirira kotchedwa chaveta, amadula m'mphepete mwake mokhota. Kenako amagoneka mtolo wa fodya mopingasa pa ngodya ya tsamba n'kuugubuduza, dzanja lina likukoka tsambalo kuti litanuke koma lisang'ambike, kuyambira kumene kudzayatsidwe moto mpaka kumutu. Kumutuko amamata kachidutswa kozungulira ndi ulimbo wochokera ku zomera, wopanda fungo ndi kukoma. Tsamba la kabowo kamodzi kapena banga limodzi silifika pa thabwali. Limatsitsidwa n'kukhala lomangira.

Mitundu ya masamba ndi kakomedwe kake

Masamba okutira amasiyana chifukwa cha mbewu, nthaka, dzuwa ndi kavundikidwe. M'chigwa cha mtsinje wa Connecticut ku America, alimi anayamba kulima fodya pansi pa nsalu cha m'ma 1900, pofuna kupikisana ndi masamba opyapyala ochokera ku Sumatra. Connecticut Shade ndi tsamba lowala ngati udzu wouma, ndipo osuta amati ndi lofatsa, la fungo longa mtedza kapena mkaka, nthawi zina lowawira pang'ono. M'chigwa chomwecho mumalimidwanso Connecticut Broadleaf, wa padzuwa, wochindikala, wa mitsempha ikuluikulu, amene amadulidwa ndi phesi lomwe. Akavundikidwa nthawi yaitali amada, ndipo amamveka wotsekemera ndi wa fungo la dothi. Ku Ecuador mitambo yosachoka imagwira ntchito ya nsalu, choncho mbewu za ku Connecticut, Sumatra ndi Cuba zimalimidwa kumeneko popanda chophimba. Tsamba la Cameroon, lolimidwa ku Cameroon ndi ku Central African Republic, ndi lopyapyala, losachedwa kung'ambika, la timatuza ting'onoting'ono pamwamba, ndipo limadziwika ndi kutsekemera kosakanikirana ndi kuyabwa. Ku San Andrés Tuxtla m'chigawo cha Veracruz ku Mexico, nthaka ya chiphalaphala imabereka tsamba lakuda limene ambiri amaliyerekeza ndi koko ndi khofi. Corojo, mbewu imene inatenga dzina la munda wa El Corojo pafupi ndi San Luis, inali yokutira yotchuka ya Cuba mpaka matenda a fodya anachititsa kuti ilowedwe m'malo ndi mbewu zopirira m'zaka za m'ma 1990. Ikulimidwabe ku Honduras, ndipo imadziwika ndi kuyabwa ngati tsabola.

Amalonda amasanjanso masambawa potengera kawonekedwe, kuyambira owala mpaka akuda: candela, claro, colorado claro, colorado, colorado maduro, maduro ndi oscuro. Candela ndi wobiriwira chifukwa amaumitsidwa mofulumira ndi kutentha, kubiriwira kusanathe, ndipo amamveka ngati udzu wauwisi. Maduro amachokera ku tsamba lochindikala lovundikidwa nthawi yaitali kapena pa kutentha kokwera. Cigar yotchedwa Cohiba Maduro 5, imene inatuluka mu 2007, inatenga dzina lake ku zaka zisanu zimene tsamba lake lokutira limasungidwa.

Funso loyamba: kunja ndi m'kati

Nzeru za anthu ambiri zimakayikira zakunja. Mwambi umati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'Baibulo, nkhani ya Samueli posankha mfumu pakati pa ana a Jese imaphunzitsa kuti msinkhu ndi nkhope sizipereka umboni wa mtima, ndipo m'buku la Mateyu achinyengo amafanizidwa ndi manda opakidwa njereza. Mu filosofi ya Aristotle muli kusiyanitsa pakati pa chimene chinthu chili ndi zimene zimangokhalapo pa icho, monga kuyera kapena kuda, zimene zingasinthe chinthucho chili chomwecho. Wotsatira maganizo amenewa mwachangu anganene kuti tsamba lokutira ndi khungu la nkhuyu, ndipo choonadi cha cigar chili mu tripa.

Cigar yeniyeniyo imatsutsa chiweruzo chimenechi. Pa thupi lake pali zinthu ziwiri zakunja, ndipo n'zosiyana kotheratu. Chimodzi ndi kalamba kapepala kolembedwa dzina la kampani. Kalambaka kangavulidwe kapena kusinthidwa, utsi n'kukhala womwewo. Chinacho ndi tsamba lokutira, limene limayaka pamodzi ndi masamba am'kati, utsi wake n'kusakanikirana ndi wawo. Ndilonso limakhudza milomo, kotero kuti mafuta ndi shuga wake amalawidwa moto usanayatsidwe n'komwe. Limatsekanso thupi la cigar kuti mpweya uzidutsa m'litali mwake. Likang'ambika, mpweya umalowera pambali, moto umayenda mbali imodzi, ndipo kutentha kukasintha kakomedwe kamasinthanso. Makampani ambiri amagulitsa msakanizo umodzi wa masamba am'kati m'zokutira ziwiri, chowala ndi chakuda, ndipo osuta amamva kusiyana.

Choncho kukhala kunja pakokha sikusonyeza kuti chinthu ndi chophimba chabe. Chofunika kufunsa n'chakuti chinthucho chimatenga nawo mbali pa ntchito kapena ayi. Kalamba kapepala sikatenga mbali pa kuyaka, pamene tsamba limatenga. Chenjezo la mwambi ndi la malemba likadali loona pa malo ake, chifukwa tsamba lokongola lingathe kukuta masamba osavundikidwa bwino, oluma pakhosi. Chimene chenjezolo limaletsa ndi kuweruza zam'kati poona zakunja. Silinena kuti zakunja zilibe ntchito.

Funso lachiwiri: mlingo wa gawo

Tsamba lokutira likavomerezedwa kuti limakhudza kakomedwe, pamatsala kudziwa kuti limakhudza motani. Apa masamu amathandizako. Kunenepa kwa cigar kumayezedwa m'magawo 64 a inchi: lancero yowonda imakhala pafupifupi 38, robusto 50, ndipo zonenepa za masiku ano zimafika 60. Tsamba lokutira limachuluka motsatira mzere wozungulira cigar, pamene masamba am'kati amachuluka motsatira malo onse a m'kati mwa mzerewo. Kunenepa kukawirikiza kawiri, chokutira chimawirikiza kawiri koma zam'kati zimawirikiza kanayi. Motero mu cigar ya 38, chokutira chimakhala chochuluka kupitirira kamodzi ndi theka poyerekeza ndi zam'kati kusiyana ndi mmene chilili mu cigar ya 60. N'chifukwa chake ofuna kumva tsamba lokutira amasankha cigar yowonda.

Kuchindikala kwa tsamba ndi mphamvu ya anzake zimalowanso m'nkhaniyi. Tsamba lopyapyala la mumthunzi likakuta masamba a ligero ambiri silimveka kwenikweni, koma Broadleaf wochindikala pa masamba ofatsa amalamulira utsi wonse. Opanga a ku Cuba, amene amakutira ndi tsamba la mumthunzi, amakonda kunena kuti chokutira chimathandiza pang'ono pa kukoma. Opanga ambiri a ku Nicaragua, Honduras ndi Dominican Republic, amene amagwiritsa ntchito masamba ochindikala a mitundumitundu, amachipatsa ulemu waukulu. Onsewa angakhale akunena zoona, aliyense za fodya wa pa thabwa lake.

Komabe vuto lalikulu lili m'funso lenilenilo. Kunena kuti gawo lina limapereka theka la kukoma n'kuganiza kuti kukoma kumaphatikizidwa ngati kulemera kwa matumba pa sikelo. John Stuart Mill, m'buku lake la mu 1843 lonena za kaganizidwe kolondola, anasiyanitsa mitundu iwiri ya zoyambitsa zogwirira pamodzi. Pali zimene zotsatira zake zimangowonjezerana, monga mphamvu ziwiri zokankha chinthu chimodzi. Palinso zimene zimabala chinthu chatsopano, monga madzi, amene makhalidwe ake sapezeka mu mipweya iwiri yowapanga. Kakomedwe ka utsi kali pafupi ndi mtundu wachiwiriwu. Kutsekemera kwa maduro kumaphimba kuwawa kwa masamba ena, ndipo kuyabwa kwa Corojo kumadzutsa fungo limene linali losamveka. Tsamba lomwelo limachita zina pa msakanizo uwu ndi zina pa msakanizo uwo. Chimene chingayesedwe ndi kusiyana kumene kumabwera tsamba lina likalowa m'malo mwa linzake pa cigar yakutiyakuti. Mlingo umodzi wokhazikika wa ma cigar onse kulibe, ndipo n'chifukwa chake mkangano wa manambala sutha.

Funso lachitatu: kumene kukoma kumakhala

Democritus, wa ku Greece wakale, anaphunzitsa kuti kutsekemera ndi kuwawa zimangokhalapo mwa chizolowezi cha anthu, pamene zenizeni ndi maatomu ndi malo opanda kanthu. Galileo anabwereza ganizoli mu 1623, ponena kuti kukoma, fungo ndi kawonekedwe zikanatha chamoyo chozimva chikanachotsedwa. John Locke, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, anasiyanitsa makhalidwe amene ali m'chinthu mwenimwenimo, monga kukula ndi kaumbidwe, ndi ena amene ali mphamvu chabe ya chinthucho yodzutsa kumva mwa munthu. Pa ganizo limeneli, m'tsamba la San Andrés mulibe koko kapena khofi. Muli timadzi ndi mafuta amene, akapsa, amadzutsa mwa wosuta chikumbukiro cha koko.

Thupi la munthu limachitira umboni ganizoli. Lilime limazindikira zinthu zochepa: kutsekemera, kuwawa, kuwawasa, mchere ndi kukoma konga kwa nyama. Zambiri zimene osuta amazitcha kukoma ndi fungo lokwera kuchokera kukamwa kupita kumphuno, ndipo munthu wa chimfine sazimva. Maso nawo amalowerera. Mu 2001, Gil Morrot, Frédéric Brochet ndi Denis Dubourdieu anafalitsa kafukufuku wochitikira ku Bordeaux, momwe ophunzira za vinyo 54 anapatsidwa vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo. Pofotokoza fungo lake, ophunzirawo anagwiritsa ntchito mawu amene amanenera vinyo wofiira. Pa fodya, chikhulupiriro chofala n'chakuti cigar yakuda ndi yamphamvu ndipo yowala ndi yofatsa. Koma mphamvu imachokera makamaka ku nikotini wa masamba am'kati, ndipo maduro wovundikidwa nthawi yaitali kawirikawiri amakhala wosaluma. Wosuta woyembekezera ukali angaumve pamene palibe. Opanga amadziwa mphamvu ya diso. M'mafakitale a ku Havana muli wantchito amene ntchito yake ndi kusanja ma cigar omalizidwa potengera kuda ndi kuwala kwake, kuti a m'bokosi limodzi afanane, ndipo amawandandalika kuyambira wakudako kumanzere mpaka wowalako kumanja.

Izi zikhoza kufikitsa munthu pa ganizo lakuti kukoma konse ndi nkhambakamwa, ndipo palibe wolawa woposa mnzake. David Hume anakana ganizo limeneli m'nkhani yake ya mu 1757 yonena za muyezo wa kukoma. Anabwereza nthano ya m'buku la Don Quixote ya akatswiri awiri olawa vinyo: wina anamva kachikopa, wina anamva kachitsulo, anthu n'kuwaseka, koma mbiya itatha, pansi pake panapezeka kiyi womangidwa ndi kachingwe kachikopa. Mfundo ya Hume inali yakuti ngakhale kumva kuli mwa munthu, m'chinthumo muli zimene zimakuyambitsa, ndipo alipo anthu amene, chifukwa cha kuzolowera, kuyerekeza ndi kusakondera, amazindikira zimene ena sazindikira. M'mafakitale a cigar muli olawa otere, amene amasuta ma cigar opanda kalamba kadzina kuti dzina lisawanyenge. Candela ndi maduro zimasiyana m'timadzi take, ndipo wolawa wotsekedwa m'maso angathe kuzisiyanitsa.

Yankho loyenera, tsono, limaika kukoma pa kukumana kwa zinthu zitatu: tsamba ndi zimene dzuwa, nthaka ndi kuvundika zinaikamo, thupi la wosuta ndi mphuno yake, ndiponso zimene wosutayo anaphunzira kuyembekezera pamodzi ndi mawu amene anthu ake amafotokozera fungo. Munthu amene sanalawepo koko sangamve koko mu utsi, ngakhale amamva kanthu ndithu. Tsamba lokutira ndi lapadera chifukwa ndilo gawo lokhalo la cigar limene limafika kwa wosuta m'njira ziwiri, kudzera m'moto ndi kudzera m'maso. Mbali ina ya mphamvu yake ili m'timadzi take, ina ili m'chiyembekezo chimene limadzutsa, ndipo wosuta amazilandira zonse ziwiri ngati kukoma kumodzi.

Malire a chiweruzo cha lilime

Patsala kusiyanitsa kumodzi kumene afilosofi ambiri ndi aphunzitsi a zipembedzo amagwirizana: chokoma ndi chabwino si chinthu chimodzi. Lilime ndi mphuno zingakhale mboni zodalirika pa fungo, koma sizidziwa kanthu za zimene utsi umachita m'thupi. Utsi wa cigar umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kholingo, ya kum'mero ndi ya m'mapapo. Nikotini wake amalowa m'magazi kudzera m'khungu la m'kamwa, choncho ngakhale wosameza utsi amamulandira ndipo angathe kukodwa naye. Kuvundika komwe kumachotsa ukali ndi kubweretsa kutsekemera ndiko kumachulukitsanso mankhwala oyambitsa khansa otchedwa nitrosamine. Tsamba lokutira, poti sililola mpweya kudutsa ngati pepala la ndudu, limachititsa kuti fodya asapse mokwanira, ndipo utsi wake umakhala ndi poizoni wambiri.

Motero ntchito imodzi ya mlimi ndi wovundika imabala zotsatira ziwiri, china chomveka pakamwa, china chosamveka konse. Wolawa waluso amene Hume anamufotokoza angathe kusiyanitsa Cameroon ndi Sumatra, koma sangalawe nitrosamine. Chiweruzo cha kukoma ndi choona m'dera lake, ndipo chimaphunzirika ndi kukonzeka. Funso lakuti chinthucho ndi choyenera munthu limayankhidwa ndi umboni wa mtundu wina, wochokera kwa madokotala ndi ofufuza amene amawerenga odwala pa zaka zambiri, ndiponso ndi kulingalira kwa munthu pa zimene moyo wake ukufuna. Zofooka ziwiri zimene zimabwera kawirikawiri pa nkhaniyi ndi kukana kuti tsamba lili ndi kukoma kwenikweni chifukwa chakuti limavulaza, ndi kuganiza kuti silivulaza chifukwa chakuti limakoma mofatsa.